Dzanja la M'galaja

Yotamu anaika foni patebulo n'kubwereza zomwe abale kumudzi anagamula: mkulu wake, malemu Overtone, akagone ku Ntcheu, pafupi ndi mayi awo. Bertha, mkazi wa malemuyo, anangopitiriza kupukuta kapu yomwe inali itauma kale. Iye ankalakalaka manda apafupi, oti Lamulungu akaweruka kutchalitchi ku Markham azikakhalako pang'ono. Koma namfedwa angatsutse bwanji mudzi wonse?

Sungeni, mwana wa Bertha ndi malemuyo, wobadwira konkuno kutsidya kwa nyanja, ndiye analimba mtima ndi Chichewa chake chotsimphinacho.

"Ankolo, tiyeni kugalaja kaye. Dadi anasiya chinthu."

Overtone anakalambira pantchito yodula miyala ya makauntala am'khitchini, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Loweruka likakwana ankakwera sabuwe, sitima yapansi panthaka, kupita kumyuziyamu m'tauni, n'kukaima kutsogolo kwa ziboliboli za Agiriki mpaka Bertha miyendo kuphwanya. Mtima wake unagwa pa mmisiri wina wosadziwika dzina, wosema miyala yapamanda yoonetsa womwalira akugwirana chanza ndi wotsala. Ankamutcha mnzake, munthu woti anafa Yesu asanabadwe. Bertha ankamuseka kuti ali pamitala ndi miyala, Overtone osatsutsa.

M'galajamo munkanunkhabe fumbi lake. Sungeni anavundukula bulangete lakale. Panali mwala wotuwa wofika m'chiuno, ndipo pakati pake panatuluka dzanja limodzi lotambasuka. Yotamu analizindikira msanga chifukwa cha chipsera chachikwanje pachala chachikulu. Pomwe panayenera kukhala dzanja lachiwiri panali chibowo chabe, chosalala ngati m'kati mwa mtondo.

"Sanamalize," anatero Yotamu, mawu ali pansi.

Analowetsa dzanja lake m'chibowomo, koma linakana. La Sungeni linkangogwedera.

Bertha anaima pakhomo, mpango uli kukamwa. Anakumbukira miyezi yamatenda ija, mwamuna wake akumugwira dzanja, kulitembenuza, kusisita chala chilichonse pachokha. Iye ankayesa ndi mantha a imfa, n'kumamulimbitsa mtima ndi mavesi. Kani munthuyo ankayeza.

Bertha anayandikira n'kulowetsa lake. Linakhala gwa, ndi kachala kake kakang'ono kopindika kanapeza malo ake. Zala zamwala zinafika ndendende pomwe za Overtone zinkafika. Anamusowa kwambiri mwamuna wake panthawiyo, kuposa tsiku lomwe anatsirizika kuchipatala.

Yotamu anayang'ana kumbali kwa kanthawi. Kenako anapukuta kumaso ndi chipewa.

"Alamu, dzanja limeneli ku Ntcheu kulibe. Ndilankhula nawo. Andinena zokhoma, koma achimwene agona kuno."

Anatuluka foni ili m'manja, Sungeni akumutsatira.

Mwalawo unali wozizira kwambiri. Chaka chawo choyamba ku North York, akamadikira basi m'chisanu chomwe sanachizolowere, Overtone ankavula magolovesi ake, kutenga manja a Bertha, kuwatikita n'kumawauzira mpweya, ake omwe akuuma. Bertha anawerama, nafungatira dzanja lamwalalo ndi manja onse awiri, n'kuyamba kuliuzira.