Anayankhira Mwamuna Wake

Panatha miyezi inayi telala asanakhudze makina ake osokera. Nsalu za anthu zinangounjikana pampando, iye n'kumangogona choyang'ana kukhoma. Mkazi wake, yemwe ankaluka tsitsi pasaluni, ndiye ankalimbana ndi eni nsaluzo pakhomo. Dokotala atanena kuti telalayo akudwala matenda ovutika maganizo, anawatumiza onse awiri kwa mlangizi wa mabanja. Mkaziyo anavomera pofuna kuti munthu wina akamveko za ulesi wa mwamuna wake.

Mlangiziyo anali mayi wamagalasi, m'kachipinda ka mipando itatu ndi fani yaphokoso. Anapatsa telala pepala la mafunso. Telala anangoliyang'ana, cholembera chili m'manja.

"Bweretsani kuno," anatero mkazi, n'kulanda pepalalo. "Tikadikira inu tigona pompano."

Anachonga mayankho onse mwaphuma. Mlangizi anawerenga mokweza: "Tulo sapeza. Chakudya sichilowa. Amalira kawirikawiri."

"Ine tulo ndimapeza," anatero telala osadzutsa mutu. "Ndimagona mpaka msana kuwawa. Amene amalira kubafa atatsegula mpopi ndi awa."

Mkazi anamutembenukira. "Lero pakamwa patseguka? Miyezi inayi ndikuyankhula ndekha ngati wamisala, mawu anu oyamba n'kundiyalutsa kwa mlendo?"

"Mayi," anafunsa mlangizi, "papepalapa mwayankha za ndani?"

"Inunso musandiyambe. Odwala ndi awa. Ine nthawi yodwala ndiipeza kuti? Ndimaima tsiku lonse m'mitu ya anthu, n'kukapeza munthu wamkulu sanatsegule ndi makatani omwe."

"Sindinakupempheni kuti mundipirire," anatero telala.

"Ndipo simunathokozepo."

Mkazi anatola chikwama chake n'kutuluka.

Telala anapitiriza kupita yekha kwa mlangizi. Sabata yachitatu anadzuka m'mawa, anathira mafuta m'makina n'kuika zipi pa buluku la kasitomala. Mkazi wake atamva makina akulira anapsa mtima kuposa kale. Anafunsa ngati mayi wamagalasi uja ndiye anali ndi mawu omveka, ake akhala akugwera pansi nthawi yonseyi.

Sabata yotsatira anapita nawo, akuti akatsutse mabodza amene mwamuna wake akumunenera kumeneko. Anayankhula ola lonse chikwama chili pamiyendo, analira kawiri, ndipo atapatsidwa kansalu kopukutira misozi anakakana. Mlangizi anamulembera tsiku loti adzabwere yekha.

Pobwerera telala anafuna kumunyamulira chikwama.

"Siyani," anatero mkazi. "Sindinakukhululukireni."