Chithunzi cha ku Limbe

Minibasi ya ku Boma inali itaima pa Chiringa kuyambira sikisi koloko, injini ikulira ngati inyamuka pompo, koma anthu anali asanadzaze. Eveles anakhazika amuna ake, a Kaliati, pampando wa kuwindo, kenaka iye anadzipanikiza pambali pawo, chikwama cha zovala ndi buku la kuchipatala zili pamiyendo.

"Mwandiika kuwindo kuti ndione chiyani?" anafunsa a Kaliati.

"Kuti mphepo izikuombani. Mukayamba thukuta mumavuta inu."

"Pobwerera mudzandiikenso pomwe pano. Ndidzakhala ndikukuuzani ine za panja."

Eveles anaseka mongodzikakamiza. Ng'ala inali itaphimba maso onse awiri a amuna akewo kwa zaka zinayi, moti ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Madokotala a maso ochokera ku Blantyre anali atabwerapo kawiri pachipatala cha pa Boma, ndipo kawiri konseko a Kaliati anakana, ati diso lawo sangalipereke ku mpeni. Ulendo uno anavomera okha, popanda wowakakamiza, ndipo chifukwa chake ananena poyera: ankafuna kuonanso chithunzi cha ku Limbe asanafe.

Chithunzicho kunalibe, ndipo eni akewo sankadziwa.

Chinajambulidwa mu 1981, Loweruka loyamba Eveles atafika m'tauni. Nthawi imeneyo a Kaliati anali kalaliki pakampani ina ya fodya, ndipo ankachita lendi chipinda chimodzi ku Bangwe. Tsikulo anatsika wapansi mpaka ku Limbe, Eveles atanyamula nsapato m'manja kuti zisade, n'kuzivala atafika pamsewu wa tala. Analowa m'holo ya kanema, kumene mtsikana wa ku Chiringayo anagwira mpando mwamphamvu ataona sitima ikubwera molunjika anthu. Chingerezi sankachimva, ndiye a Kaliati ankamunong'oneza m'khutu zimene anthu a pakanemapo ankanena, mpaka a kumbuyo anawatsonya. Potuluka anakhotera kwa wojambula, naima kutsogolo kwa nsalu yojambulidwapo mlatho ndi ndege. Zaka makumi awiri za m'tauni, kuthamangira basi m'mawa, kupanikizana pomwe pali mvula, makanema a pamapeto a mwezi, zonse zinatha n'kusiya chinthu chimodzi chokha chogwirika, chimene anabwera nacho kumudzi n'kuchipachika pakhoma.

Madzi a namondwe wa Freddy atalowa m'nyumba mu Malichi 2023, khoma limenelo linagwa. Patatha masiku atatu Eveles anapeza felemu yake m'matope kuseri kwa khola la mbuzi. Galasi silinasweke, koma madzi anali atalowera kumbuyo, ndipo pepalalo linangotsala lofiirira ngati nsalu yotayikira tiyi. Panalibe nkhope, panalibe mlatho. Atabwerera kusukulu kumene anthu othawa madzi ankagona, a Kaliati sanafunse za chimanga kapena mbuzi. Anafunsa za chithunzi. Eveles anayang'ana munthu wamkuluyo atakhala pabenchi ya ana, bulangete la eni lili paphewa, n'kuyankha kuti, "Chapulumuka."

Khoma litamangidwanso, felemuyo inabwerera pamsomali. Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi, a Kaliati ankaiitanitsa, n'kumaisisita pagalasi, Eveles akuwafotokozera zimene zinalipo. Vuto linali lakuti nayenso ankaiwala. Akasemphana, iye ndi amene ankagamula, poti ndiye anali ndi maso.

"Wotchi ili kumanzere," a Kaliati ankatero.

Eveles ankayandikitsa pepala lopanda kanthulo kumaso. "Kumanja. Ndikuiona iyi."

"Zoona? Koma ukalamba ndi woipa."

Mwanjira imeneyi anawina milandu yambiri: ya wotchi, ya tayi, ya amene anaima mbali ya ndege.

Minibasi inadzaza nthawi itapitirira seveni. Womaliza kukwera anali mayi wina wathumba la nandolo, amene anakhala moyang'anana nawo, mawondo akugundana.

"Mosheliwa, agogo?" mayiyo anawapatsa moni wa m'mawa m'Chilomwe, ndipo a Kaliati anayankha mokondwa ngati akumana ndi mbale wawo.

Atangodutsa masitolo omaliza, bambo wina kumbuyo anayatsa kanema pafoni. Munkamveka kumenyana, ndipo pamwamba pa phokosolo mawu a munthu womasulira m'Chichewa ankathamanga, akuwonjezera nthabwala zake.

"Mukuimva ntchito imeneyo?" anatero a Kaliati, akuloza kumbuyo ndi chala chachikulu. "Ndinaiyamba ine, ku Limbe. Kungoti kasitomala ndinali naye mmodzi."

"Ankakulipirani bwino?" anafunsa mayi wa nandolo.

"Mpaka lero akundiphikira."

Anthu anaseka. A Kaliati atamva kuti ali ndi omvera, anamasuka. Anafotokoza za holo ija, mipando yake yopinda, mtedza wokazinga wa pakhomo, ndi mmene anthu ankaimirira kukuwiza munthu wa pakanema kuti atembenuke, mdani ali kumbuyo. Anafotokozanso za basi yomaliza ya ku Bangwe, imene ankaiphonya dala kuti ayende awiri. Eveles ankayang'ana kunja. Phiri la Michesi linali litavala mtambo kumutu, ndipo m'minda amayi ankathyola nandolo. Mwana wawo Lily, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anali atamuchenjeza pafoni dzulo lake. "Amayi, musawauze. Ayambe aona kaye, zinazo pambuyo." Namwino wina wa kuchipatalako naye anali atanenetsa kuti ofuna kulembedwa afike isanakwane teni koloko, chifukwa madokotalawo akapita sabwera msanga.

"Ndiye mawa akandimasula bandeji," a Kaliati ankauza mayi uja, "ndikafika pakhomo, madzi sindimwa, nsapato sindivula. Molunjika pakhoma. Ndikaone mtsikana amene ndinamutenga uja, poti uyu ali apayu amangondikalipira."

Eveles anawaona m'maganizo ataima pakhomapo ndi diso latsopano, anthu oyandikana nawo atadzaza pakhomo kudzawalonjera, onse akudziwa kupatula iwo. Anaona kuti chinthu choyamba chimene diso limenelo lidzawerenge bwinobwino ndi bodza lake. Anasendeza pakamwa pake kukhutu kwawo.

"Bambo a Lily, chithunzi chija kulibe. Chinafufutika ndi madzi aja. Felemu yokha ndiyo ilipo."

A Kaliati sanatembenuke. Minibasi inagwa m'dzenje, anthu anadandaula, womasulira wa pafoni uja anapitiriza kukuwa.

"Mwati bwanji?"

"Mwamva."

Anachotsa dzanja lawo pabondo la Eveles n'kuliika pabondo lawo. Mayi wa nandolo anayesa kuwafunsa ngati ku Limbe kunali kale magetsi nthawi imeneyo, koma ataona nkhope zawo anayamba kukonza mfundo ya thumba lake.

Atatsika pa siteji ya ku Boma, akabaza anawazungulira. "Kuchipatala, madala? Tiyeni, yofewa iyi!" A Kaliati anapapasa ndi ndodo mpaka anapeza benchi pakhonde la sitolo ina, nakhala pansi.

"Mundipezere yobwerera ku Chiringa."

"Tafika kale, bambo a Lily. Nthawi ndi hafu naini."

"Ndikaone chiyani? Khoma?"

Eveles anakhala kumapeto kwa benchiyo, chikwama chili pakati pawo. Anauza akabaza aja kuti adikire, koma awiri anachoka.

"Zaka ziwiri," anatero a Kaliati. "Lamulungu lililonse ndimasisita galasi ngati wamisala. Abusa atabwera ndinawaonetsa. Anati chiyani abusa aja? Anati, 'Munali mnyamata wooneka bwino, a Kaliati.' Abusa!"

"Ndinawatsinzinira diso."

"Mpingo wonse ukudziwa?"

"Si wonse."

A Kaliati anapukusa mutu. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu, "Nanga wotchi ija inali mkono uti?"

Eveles anayang'ana zala zake. "Sindikudziwa."

"Kumanzere! Ndinkadziwa ine kuti kumanzere! Munandichititsa kukayikira mutu wanga womwe, mayi inu. Ndinkagona ndikudzifunsa kuti kodi nzeru nazo zayamba kuchita ng'ala?"

Mawu amenewa anamulasa Eveles kuposa ena onse, chifukwa mbali imeneyo anali asanaiganizepo. Iye ankaona ngati akuwasungira kanthu. Sanadziwe kuti Lamulungu lililonse ankawachotseranso kena.

"Pamenepo ndinalakwa," anatero. "Pepani."

Wogulitsa m'sitolomo anatulutsa wailesi n'kuiika pawindo. Wakabaza mmodzi amene anatsala anatsamira njinga yake, akuyang'ana kumbali ngati sakumva.

"Koma inunso munkandinamiza," anatero Eveles. "Kanema uja wa msilikali wobwerera kwawo pa sitima. Munandiuza kuti mkazi wake akuti amudikira. Mkazi wa a Makina, amene tinkakhala nawo mpanda umodzi uja, anandiuza mawa lake pa mpope kuti mkazi wa msilikaliyo anati wakwatiwa ndi wina."

"Munkalira kale. Ndikanatani?"

"Nanga inu pasukulu paja munkaseka?"

"Ameneyo anali kanema, mayi a Lily. Anthu ongopeka. Ichi chinali chathu."

"N'chifukwa chake ndinalephera kukuuzani."

A Kaliati anagogoda ndodo pansi kangapo. Eveles anasuzumira wotchi ya m'sitolo. Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane teni. Anaganiza zoimbira Lily, koma anadziwa kuti mwanayo angoyamba kukalipa, ndipo bambo ake akakalipiridwa amauma ngati chitsa.

"China n'chiyani?" anafunsa a Kaliati mwadzidzidzi.

"China chotani?"

"Chimene mwandinamiza. Munthu sanama kamodzi."

Eveles anapuma mozama. "Mtengo wa mapeyala wa kuseri uja unagwa. Amene mumadya aja ndimagula pamsika."

"Ndimadabwa kukoma. Pitirizani."

"Mbuzi zilipo zitatu, osati zisanu ndi imodzi."

"Mayo ine. China?"

"Shati mwavalayi si yoyera ija. Yoyera inapsa ndi simbi chaka chatha. Iyi ndi yachikasu, ya maluwa. Anatumiza Lily."

A Kaliati anagwira kolala ya shatiyo, kenaka thumba lake. "Ya maluwa? Ine ndakhala ndikulalikira mawu kutsogolo kwa mpingo nditavala maluwa?"

Wakabaza uja analephera kudzigwira. Anaseka mpaka njinga inagwa.

"Iwe, ukuseka chiyani?" anakalipa a Kaliati. "Maluwa ake ndi aakulu?"

"Ndi apakatikati, madala. Koma akukukhalani."

A Kaliati anaimirira okha, osadikira dzanja la Eveles. Nkhope yawo inali isanamasuke.

"Bweretsa njingayo kuno. Ndipite ndikatsegulitse maso ndisanagulitsidwe ndili moyo. Musaganize kuti nkhani yatha, mayi a Lily. Ndikafika ndikawerenga mbuzi ndekha."

Anawalemba dzina kutatsala mphindi zisanu. Masana anawalowetsa, ndipo Eveles anakhala pabenchi ya panja pamodzi ndi ena operekeza odwala, akudya chinangwa chophika chimene sankachimva kukoma. Madzulo a Kaliati anatuluka diso lamanja litamatidwa. Anadya phala, nagona chagada monga anawauzira, osamuyankhula.

M'mawa mwake odwala onse anawakhazika pamzere m'khonde. Namwino ankayenda ndi mbale yachitsulo, akumatula bandeji mmodzimmodzi. Agogo ena aakazi atamasulidwa anayamba kululuta. Atafika pa a Kaliati, Eveles anaima patsogolo pawo, manja atawabisa m'chitenje.

Diso linatuluka lofiira, likuchucha misozi. Linaphethira, linayang'ana denga, linatsikira pa namwino, kenaka linafika pa Eveles n'kuima. Linakhala pamenepo nthawi yaitali, likuyenda pang'onopang'ono kuchoka pa duku mpaka pachibwano.

"Imvi zonsezi," anatero a Kaliati, "bwanji simunandiuze?"

"Simunafunse."

"Mukanandiuza zoona?"

"Ayi."

A Kaliati anapukuta tsaya ndi kuseri kwa dzanja, namwino n'kuwamenya pang'ono pamkono kuti asakhudze diso.

"Sendererani kuno, mwaima motchinga kuwala," anatero, akugogoda malo opanda munthu pabenchipo. Eveles anakhala, ndipo anayamba kumvetsera namwino akufotokoza za mankhwala odonthezera, kanayi patsiku.