Mphaka wa Malemu Ramadhani

Galu wa a Godwin anagwira mphaka wa Zuleka m'mawa, amayi akuyala usipa pamathandala. Zuleka anali kuseri akutsuka mbale pamene anamva kulirako. Anathamanga manja ali thovu lokhalokha, n'kupeza chigalu chakuda chija, Sindigona, chitaluma Bonya pantchafu, chikumugwedeza uku ndi uku ngati chiguduli. Zuleka, ngakhale anali wa mawondo ovuta, anatola chidutswa cha nkhafi chimene ankatsekera chitseko, n'kuchimenya chigalucho pamsana mpaka chinalavula. Sichinathawe ayi. Chinaima poteropo, dovu lili chuchuchu, kenako n'kumapita mwapang'onopang'ono, mchira uli m'mwamba.

Musaseke kuti mayi wamkulu angathamangire mphaka chonchi. Bonya sanali mphaka wa makoswe chabe. Malemu Ramadhani, amuna ake a Zuleka, anamutola ali kamwana pansi pa thandala akunyambita bonya, tiusipa ting'onoting'ono tija, ndipo anabwera naye kunyumba atamuika m'chipewa. Matenda a shuga atawagoneka a Ramadhani, anzawo a kunyanja anayamba kubwera mwa apo ndi apo mpaka analekeratu, koma mphakayo sankachoka pambali pawo. Atamwalira, Bonya anasamukira pa mswala wawo, kamkeka kansalu kamene ankaswalirapo. Zuleka akayala kamkekako kuti aswali, mphaka ankabwera n'kudzipinda pakona, ndipo mayiyo ankamva ngati m'nyumbamo mudakali amuna.

Atatsuka balalo ndi madzi amchere, Zuleka anamanga chitenje n'kulunjika kwa a Godwin. Bamboyu anali ndi maboti awiri a injini ndi mathandala ambiri kuposa wina aliyense pagombepo. Galuyo ankati amamumasula usiku wokha kuti alondere usipa, koma aliyense ankadziwa kuti chingwe chake chimangolendewera pamtengo wa mango chopanda galu. Abakha a anthu anali atatha kale. Zuleka anawapeza a Godwin atakhala pandowa yovundikira, foni ili kukhutu, asodzi awo akusoka ukonde pambali.

"A Godwin, galu wanu wandivulazira mphaka."

Anamaliza kaye foni yawo, osafulumira. "Pepani, mayi. Nkhondo ya galu ndi mphaka ife tinaipeza."

"Walowa pabwalo panga."

"Akanakhala mbuzi, bwenzi tikukhala pansi. Nanga mphaka? Kumsika ali mbwee, ndituma ana akutolereni wina."

Asodzi aja anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedera. Zuleka anakweza mawu kuti ndi amayi a kumathandala omwe amve.

"Galu amene walawa magazi pakhomo pa munthu amaphedwa. Ndi mmene timachitira kuno. Aphedwe galu ameneyu, ndanena ine."

"Akaphedwa, usipawu mudzandilondera ndinu?" anatero a Godwin, n'kubwerera pafoni.

Hidaya, mwana wa Zuleka, ankakhala pakhomo pomwepo ndi kamwana kake kokwawa, Layla, poti mwamuna wake anali ku chilumba cha Mbenji kokagwira nsomba. Hidayayo ndiye anaimbira foni alangizi a ziweto. Alangiziwo, Mayi Tiyanjane, anafika panjinga yamoto mawa lake, fumbi lili m'nsidze. Anavala magolovesi, natsuka balalo, nalisoka, Bonya akulira mosasa mawu.

"Bala ili lipola," anatero alangiziwo. "Chikundiopsa ndi china. Mphakayu anabayidwa katemera wa chiwewe?"

Zuleka anadabwa. Iye ankayesa katemerayo ndi wa agalu okha.

"Nanga galuyo?"

Anapita onse kukafunsa. A Godwin ataona njinga ya boma anaimirira, ulemu uli tho, koma yankho lawo linali loonda. Tsiku la katemera usipa unafa wambiri, ndiye ndani angasiye usipa n'kukaima pamzere ndi galu?

Mayi Tiyanjane sanakalipe. Analankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana onse awiri. "Galuyu amangidwe masiku khumi, azidya, azimwa, tizimuona. Akadutsa masiku amenewo ali bwinobwino, ndiye kuti analibe chiwewe pamene ankaluma, ndipo mphaka wapulumuka. Akadwala kapena akafa, mundiimbire msanga, tidzatenge mutu wake tikaupime. Koma musamuphe mwa inu nokha, musamutaye. Galu akasowa ine ndilibe pogwira, ndipo mphaka wokayikitsa sitimusiya m'nyumba mmene muli mwana wokwawa. Mwamva, bambo?"

"Ndamva, mayi."

Taonani tsono mmene dziko limatembenukira. Zuleka yemwe uja, amene dzulo lake ankafuna galu aphedwe, ndiye anasanduka mlonda wa moyo wake. Mayi wachisilamu amene chibadwire sanakhudzepo galu, amene malovu a galu kwa iye anali najisi, chonyansa chofunika kusamba, anayamba kudzuka ndi chitini cha madzi ndi mkute wa nsima kupita kumtengo wa mango. Kwa a Godwin anammanga galuyo, inde, koma anangomumanga basi. Mthunzi ukachoka, Sindigona ankapsa padzuwa lilime lili panja, wopanda womuthirira ndi dontho lomwe. Zuleka ankakankha chitini ndi ndodo, n'kuima patali. Alangizi anali atamuuza kuti galu wachiwewe amavutika kumeza, choncho ankayang'anitsitsa pakhosi pa chigalucho chikamakhathira madzi, ndipo chikamaliza ankanong'ona kuti Alhamdulillah.

Ankadana nacho chigalucho, tisabise. Chikamuyang'ana ndi maso ake achikasu aja, mtima wake unkabwerera ku nkhafi ija. Koma anthu a pagombe saona zamumtima. "Amake Hidaya alembedwa ntchito kwa Sindigona," ankatero amayi a kumathandala, n'kumakodolana. Ena a kumzikiti anayamba kumupatsa moni wa patali. Iye ankangodutsa ndi chitini chake.

Kunyumba, Bonya anamuvundikira ndi dengu lalikulu m'kachipinda ka nkhuni, pamwamba n'kuikapo mwala. Bala linayamba kuuma. Anayambanso kudya, ndipo nthawi ya swala ikakwana ankakanda dengu, akulira kuti amutulutse. Zuleka ankaswali pakona pa mswala pali mbee, n'kumadzilimbitsa mtima kuti masiku akutha.

Masikuwo atapitirira theka, zinthu ziwiri zinachitika motsatizana. Akuba anakokolola usipa pamathandala awiri a a Godwin, poti mlonda anali pachingwe, ndipo bamboyo anatukwana m'mawa wonse. Tsiku lomwelo Sindigona sanadye. Ananunkhiza nsima, nanyambita madzi pang'ono, n'kukagona mutu uli pamiyendo. Kunali kotentha zedi, kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumene ndi nkhuku zomwe zimayasamula kukamwa. Mwina kunali kutenthako. Mwina ayi.

Zuleka akanatha kuimba yekha foni, koma anaganiza kuti galu ali ndi mwini wake, ndipo ulemu ndi kuyamba wauza mwiniyo.

"A Godwin, galu sanadye lero. Tiwaimbire alangizi."

Nkhope ya bamboyo inasintha. Anayang'ana galu, nayang'ana ana ake awiri amene ankasewera pamchenga, nayang'ananso magalimoto a ogula nsomba ochokera ku Lilongwe amene anaima kumsewu. Ndani angagule usipa pamathandala amene pamveka za chiwewe?

"Ndi kutenthaku, mayi. Tiyeni tione mawa."

Mawa lake Zuleka anafika ndi chitini chake n'kupeza chingwe chili pansi, chopanda galu. Anafunsa asodzi, onse maso ali paukonde. Anabwerera kunyumba, ndipo asanakhale n'komwe anamva odi. Anali a Godwin, atanyamula beseni la usipa wouma bwino, chipewa chili m'manja. Ananjuta pakhomo mwaulemu wonse.

"Mayi, ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija ndinakuyankhani mwachipongwe. Mawu anu aja ndawatsata, galu uja tathana naye."

"Ali kuti?"

"Anyamata anapita naye pakati panyanja, mwala uli m'khosi."

"Nanga mutu wake?"

"Mutu wapita ndi mwini wake, mayi."

A Godwin anapitiriza, mawu awo ali ofatsa ngati akupereka malonje.

"Munanena nokha pamaso pa anthu kuti aphedwe. Mwambo ndi umenewo, ine ndaukwaniritsa. Landirani kandiwoka, nkhaniyi ithere pompano."

"Alangizi anati chiyani, a Godwin? Simunali pomwepo?"

"Za alangizi ndi za m'mabuku. Ife timakhala tokha kuno."

"Galuyo amadwala?"

"Ayi ndithu, anali bwinobwino."

"Ndiye mwamupheranji?"

Apa bamboyo anangoyang'ana m'chipewa chake. Zuleka anafuna kulira, anafuna kutukwana, koma mawu anatuluka ouma.

"Ngati anali bwino, mwandiphera mphaka pachabe. Ngati amadwala, ana anu aja amene ankamukwera pamsana muwatengere kuchipatala lero lomwe. Nyamulani usipa wanuwo."

A Godwin ananyamula beseni lawo, ndipo potuluka anauza amayi a panjira kuti munthu wapepesa mwaulemu koma ena mitima yawo ndi ya mwala. Ambiri anavomerezana nawo. Galu waphedwa, chipepeso chaperekedwa, mayiyu akufunanso chiyani? Mphaka ndi mwana kodi?

Zuleka anamuletsa Hidaya kuimba foni. Anati Bonya amusunga yekha pansi pa dengu, kaya ndi miyezi ingati, mpaka zidziwike. Taonani akudya, taonani maso ake ali gwa, mphaka wodwala amatero? Hidaya sanatsutse. Ankangomubereka Layla kumbuyo tsiku lonse, mwanayo akulira kufuna kutsika, thukuta lili m'khosi.

Koma mwana wokwawa sungamubereke mpaka kalekale. Tsiku lina masana Hidaya anamutsitsa kuti akoleze moto, ndipo Zuleka anali atasiya chitseko cha kachipinda ka nkhuni chosatseka bwino popita kukataya madzi. Pobwera anapeza Layla atakhala pafupi ndi dengu, akuseka, kachala kake katalowa pampata wa nsungwi. Mkatimo Bonya anali atayandikiza mphuno.

Hidaya anamulanda mwanayo ngati akumuchotsa pamoto. Anamutsuka dzanja ndi sopo, nalitembenuza uku ndi uku padzuwa kufuna kachikanda. Panalibe. Sanawakalipire amayi ake. Analowa m'nyumba, nayamba kupinda zovala za mwana n'kumaika m'chikwama.

"Ukupita kuti?"

"Ku Chipoka, kwa apongozi. Ndidzabwera zikadziwika."

Zuleka anakhala pamwala wa pakhomo, akuyang'ana kachala kaja kamene tsopano kanali m'kamwa mwa mwini wake. Mantha amene anamugwira anali aakulu kuposa chisoni.

"Masula chikwamacho. Imba foni."

Mayi Tiyanjane anabwera m'mawa mwake. Atamva za mwala ndi nyanja anangopukusa mutu, n'kuyamba kutulutsa jakisoni m'chikwama.

"Mwina Bonya alibe kanthu," anatero Zuleka.

"Mwina alibe, mayi. Ine sindingakunamizeni. Amene akanatiuza ali pansi panyanja."

"Amva kupweteka?"

"Agona chabe. Koma musamugwire ndi manja okha, mukulungeni ndi nsalu yokhuthala."

Zuleka analowa kuchipinda n'kubwera ndi mswala wa malemu. Atachotsa mwala n'kutukula dengu, Bonya anadzitambasula, nayenda yekha motsimphina kupita pakamkekako, n'kudzipinda pakona pake pa masiku onse. Bala linali litapola bwino, ubweya utayamba kumera. Zuleka anamukulunga momwemo, namuika pamiyendo, ndipo kudzera m'nsaluyo ankamva kakhosi kake kakulira mokondwa, poti mphakayo ankayesa kuti chilango chatha. Alangizi atamubaya jakisoni uja, kanalira choncho mpaka kanaleka.

Anamukwirira kuseri, pansi pa mtengo wa ndimu, pamodzi ndi mswala womwewo. Analira Zuleka, kulira kwenikweni kumene anthu anati sikuyenera mphaka, ndipo Hidaya yekha ndiye ankadziwa kuti akulira maliro awiri.

Sabata isanathe, akupita kukagula nkhuni, anadutsa pamathandala paja. Ana a a Godwin ankathamangitsana ndi kagalu katsopano, kabulauni, kopanda chingwe m'khosi. Kanathamangira kwa Zuleka n'kuyamba kununkhiza chitenje chake.

"Musaope, mayi," anatero a Godwin ali pandowa yawo. "Ameneyu ndiye wofatsa."

"Mwamubayitsa katemera?"

"Tidzamubayitsa. Usipa ukachepa."