Thumba la ku 604

Kalindi Waghmare anadziwa kuti ali ndi mdzukulu chifukwa cha matewera.

Ankagwira ntchito yolongedza katundu kwa a Gwape ku Kondhwa, mumzinda wa Pune, m'sitolo zopanda mawindo zija zimene wogula salowamo. Anthu amaitanitsa zinthu pa foni ali khale pampando kwawo, ndiye olongedza amathamanga pakati pa mashelefu kutola zofunikazo n'kupereka thumba kwa a njinga zamoto odikira panja. Kampaniyo inali ndi dzina lake lalitali, koma Pune yense ankangoti a Gwape chifukwa cha kanyama kojambulidwa pa matumba awo. Opikisana nawo ankatchedwa a Namzeze pa chifukwa chomwecho. A Gwape ankalonjeza kufikitsa katundu pakhomo m'mphindi khumi, ndipo pa mphindi khumizo za wolongedza zinali ziwiri zokha.

M'mawa wina makina anatulutsa kapepala komata pathumba, ndipo Kalindi anawerenga dzina: Mrunal Inamdar, khomo 604, nyumba zosanja za Gulmohar. Anawerenganso.

Mrunal anali mwana wake mmodzi yekhayo. Zaka zisanu m'mbuyomo mtsikanayu anakwatiwa ndi Msilamu, munthu wa chipembedzo chosiyana ndi chawo, ndipo bambo ake analengeza kwa abale kuti mwana wawo wamwalira. Zikanakhala zosavuta kuponyera mlandu wonse pa malemuwo, poti akufa sayankha, koma chilungamo n'chakuti amene anataya zovala za Mrunal panja anali Kalindi mwini, ndi manja ake. Ndi iyenso amene anati, “Usadzapondenso pano, ngakhale pa maliro anga.” Mwanayo anamvera. Ngakhale bambo ake atamwalira sanabwere, pakuti panalibe amene anamuuza.

Thumba loyambalo munali mpunga, anyezi, bwemba ndi mango aawisi anayi. Kalindi anayang'ana mangowo nthawi yaitali. Nayenso ali woyembekezera ankadya zomwezo mpaka mano kuyayamira.

Patapita miyezi ingapo anabwera matewera aang'ono kwambiri aja. Kalindi anakawatenga pashelefu akulira, koma akuthamanga, chifukwa wotchi ya pakhoma siidziwa zoti munthu wangokhala agogo.

Mnzake wa pa ntchito, Rukhsar, mayi wa pakamwa pamoto koma wa mtima wabwino, ndi yekhayo amene anauzidwa nkhaniyi. Makina akamupatsa iye thumba la ku Gulmohar, ankakuwa ali kuseri kwa mashelefu a mafuta ophikira kuti, “Achemwali, akwanu aja!” Ndiye ankasinthana mwamsanga bwana asanaone.

Umo ndi mmene Kalindi analerera mdzukulu wake, pa kapepala. Matewera atakwera saizi anadziwa kuti mwana akunenepa. Kutabwera nthochi ndi phala la makanda anadziwa kuti wayamba kudya. Ataona kasupuni kofewa ka pulasitiki anaseka tsiku lonse. Chimodzi chokha katundu sankamuuza: ngati anali mnyamata kapena mtsikana.

Pa thumba la ku 604 sankatola chisawawa. Matimati ankawafinya limodzilimodzi, kusiya ofewa, ndipo mazira ankawatembenuza kuona ngati pali losweka.

“Azakhali!” Ameneyo anali Onkar, bwana wa sitoloyo, amene digiri yake inathera pa kuwerenga masekondi a anthu. “Masekondi makumi anayi pa matimati okha? Mukuwafunsira ukwati kapena?”

“Pepani bwana, anali obooka.”

“Obooka ndi a kasitomala, ochedwa ndi anga. Thamangani!”

Pa nthawi ya tiyi Rukhsar sankamusiya. “Achemwali, inu ndinu munthu wotani kodi? Dattu pa njinga yake amafika pakhomo pa mwana wanu m'mphindi zisanu ndi imodzi. Inu zaka zisanu ndi chimodzi mudakali m'njira.”

“Ndikanena chiyani ndikafika?”

“Mukati moni. Zinazo zikabwera zokha.”

“Iwe sunamve zimene ndinamuuza.”

“Nanga mwamuna wakeyo amadya anthu? Ine ndine Msilamu, ndakudyani kangati?”

Kalindi ankangoseka n'kuviika chapati mu tiyi. Ankati adzapita pa Diwali, chikondwerero cha nyali cha chaka ndi chaka. Diwali itadutsa anati adzapita mwana akakwanitsa chaka. Kunena zoona anali ndi mantha, ndipo kapepala kaja kankamupatsa zokwanira kuti mantha apambane. Malinga ngati thumba likutuluka Lachiwiri ndi Loweruka, mwana wake analipo, pafupi pomwepa, ndipo mawa linali tsiku nalonso.

Kenako nkhondo yolimbirana makasitomala inavuta. A Namzeze anatsegula nkhokwe yawo tsidya la msewu womwewo, n'kupachika chikwangwani chachikulu: mphindi zisanu ndi zitatu, ndi kilo ya anyezi yaulere kwa aliyense wobwera kumene. A Gwape anayankha ndi mphindi zisanu ndi ziwiri komanso mazira aulere. Palibe amene anafunsa ngati mu Pune munali munthu amene anafapo chifukwa chodikira anyezi mphindi khumi. Mabwana a ku likulu ankaopana okhaokha, ndipo mantha awowo ankathera m'miyendo ya olongedza. Mphindi ziwiri zija zinasanduka imodzi ndi theka.

M'mawa uliwonse Onkar ankawaimika pamzere n'kuwauza chiwerengero cha makasitomala amene asowa. “Kasitomala sangosowa chabe,” ankatero akuloza tsidya la msewu. “Akasiya kuitanitsa kuno ali uko. Ndipo mwamuthamangitsa ndinu, ndi kuyenda kwanu kwa pa maliroko.” Ankanena zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka aliyense anazikhulupirira.

Lachiwiri lina masana thumba la ku 604 linabwera losiyana. Munalibe mpunga, munalibe matimati. Munali mankhwala a ana a kutentha thupi, choyezera kutenthako, ndi timapaketi tisanu ta mchere ndi shuga ta otsekula m'mimba. Kalindi analongedza m'masekondi makumi atatu, liwiro limene anali asanalifikepo, n'kukapereka yekha m'manja mwa Dattu.

“Achimwene, chonde, thamangani.”

Dattu atabwerako anamufunsa zimene anaona. “Ndimaona chiyani ine, azakhali? Dzanja linatuluka, linatenga, chitseko chinatsekeka.”

Loweruka thumba silinabwere. Lachiwiri lotsatira silinabwerenso. Kalindi ankadzidzimuka makina akangolira, n'kusuzumira pa kapepala kalikonse, ngakhale ka anzake. Chakudya chinasiya kulowa. Mwana uja anachira, kapena ali m'chipatala, kapena... Pamenepo maganizo ankawadula.

“Pitani basi,” anatero Rukhsar. “Lero lomwe. Ine ndiuza Onkar kuti mwadwala.”

“Ayi, ndadziwa chimene chachitika,” anayankha Kalindi. “Apita kwa a Namzeze. Mrunal kuyambira ali mwana sadutsa chinthu chaulere. Ndi anyezi aja.”

Anazinena ndi mtima wonse, chifukwa ndi zimene ankamva m'mawa uliwonse, komanso chifukwa vuto lotere linali ndi mankhwala osafuna kugogoda pa chitseko cha Mrunal. Ngati thumba lasamukira tsidya, nayenso asamukira tsidya.

Tsiku lake lopuma anawoloka msewu kukafunsira ntchito. Kwa a Namzeze safunsa zambiri. Amakupatsa mndandanda wa zinthu khumi ndi ziwiri n'kuyatsa wotchi. Kalindi, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, anapitirira ndi masekondi khumi ndi anayi chifukwa mashelefu anali achilendo. Mtsikana woyesayo anati, “Mubwerenso pakatha masabata awiri, mayi, mwina miyendo idzakhala itadzuka.”

Masabata awiriwo anawatha akuphunzira. Akaweruka ankandanda zitini ndi mabotolo m'kachipinda kake monga mmene anaonera mashelefu a tsidya, n'kumathamanga uku ndi uku mpaka oyandikana nawo kumenya khoma. Ulendo wachiwiri anakhoza, ndi masekondi awiri otsala. Anamupatsa thumba loyamba kuti amate kapepala, ndipo atakayang'ana mutu unaima. Panali nambala yokha, yaitali, ndi mizeremizere yakuda.

“Mayina ali pati?” anafunsa.

“Mayina a chiyani? Kuno sitiika. Kuwerenga dzina kumadya sekondi.”

Kalindi anaika thumbalo pansi bwinobwino n'kutuluka. Panali patatha masabata anayi chichokereni mankhwala aja.

M'mawa mwake anavala yunifolomu yake ya a Gwape, anagula matewera ndi kilo ya matimati ndi ndalama zake, n'kuziika m'thumba la kampani. Ku Gulmohar mlonda salola mlendo kulowa popanda kuimbira eni nyumba, koma wa thumba amangomukodola ndi chibwano osamuyang'ana ngakhale kumaso. Ulendo wonse, wapansi, unamutengera mphindi makumi awiri. M'chikepe ankayeserera mawu. Mrunal, ndine. Mwananga, ndinalakwa. Onse ankamveka ochepa.

Pa khomo 604 panalibe nsapato, panalibe chopondera. Analiza belu, n'kumva likulira m'kati momveka ngati m'chitini chopanda kanthu. Analizanso, kenako anagogoda ndi dzanja.

Chitseko cha 603 ndi chimene chinatseguka. Anatuluka mayi wachikulire, magalasi ali pamphuno, dzina lake lolembedwa pachitseko: Pereira.

“Mwachedwa nalo thumba limenelo, mayi. A Inamdar anasamuka.”

“Anasamukira kuti?”

“Ku Arabu uko. Bamboyo anapeza ntchito, Muscat kapena Doha, ine ndimasokoneza. Ananyamuka Lamlungu lapitali.”

Lamlungu lapitali. Kalindi anawerenga ndi zala za m'maganizo, masiku anayi. Tsiku limenelo iye anali kuthamangitsana ndi zitini m'chipinda mwake.

“Nanga mwana? Anadwala.”

“Iii, anatiopsa ameneyo! Masiku asanu m'chipatala. Koma anachira, anachoka pano akuyenda yekha, akugwira makoma.” Mayi Pereira anamuyang'ana modabwa. “Inu a matumba mumadziwa zambiri, eti? Atatuluka m'chipatala anasiya kugula, ankangomaliza zimene zinali m'nyumba. Zotsala anandisiyira ine.”

Kalindi anatsamira khoma. Mayi uja, poti anali wosowa wocheza naye, anapitiriza.

“Mtsikana wabwino kwambiri, koma wachisoni. Masabata omalizawa anapita kawiri ku Yerawada, kwawo kumene anakulira, ndi mwana kumanja, kukafuna mayi ake. Akuti anakangana kalekale. Ankati sangakwere ndege mayiwo asanamuone mwanayo, ngakhale amutukwanenso. Anakapeza m'nyumbamo muli anthu ena. Akuti mayiwo anachoka bambo atamwalira, osauza ngakhale oyandikana nawo kumene akupita. Za imfa ya bambo akeyo anaimvera komweko, pamsewu. Anabwera kudzalira pa mpando wanga uwo. Makolo enanu, Mulungu akukhululukireni.”

“Sanasiye nambala ya foni?”

“Anati akapeza ya kumeneko adzanditumizira. Achinyamata amatero onse.” Anavula magalasi. “Mayi, mukulira? Akudulani malipiro chifukwa cha thumbali? Bweretsani kuno, ndinena kuti lafika.”

Kalindi anapukusa mutu.

“Mwanayo... ndi mnyamata kapena mtsikana?”

“Mtsikana. Zoya.”

“Zoya,” anatero Kalindi, pang'onopang'ono, kuopa kulitchula molakwika. “Mungandiuzeko mmene amaonekera?”