Amayi Anga ndi Mlatho wa ku Cocody

Ndajambula akwati osawerengeka mu Abidjan muno, ena oti banja linatha zithunzi ndisanawapatse n'komwe, koma amayi anga ondibereka ndinalibe chithunzi chawo ndi chimodzi chomwe. Munthu wake sakhazikika. Chibadwire changa ndimawadziwa ali pambaula m'mbali mwa nyanja ku Blockhauss, dzanja ili likukupiza makala, linalo likupakula acheke, chakudya cha chinangwa chodyera nsomba, pakamwa pakukalipira kasitomala.

Tsopano mawondo anali atawakana. Katundu anali womangamanga kale, m'mawa mwake ankakwera basi ya ku Toumodi, kumudzi, kukakhaliratu. Ine ndinalumbira kuti sachoka ndisanawajambule pamalo pawo, mlatho watsopano uja ukuwala kumbuyo kwawo.

Kujambula kukada kumafuna kuleza mtima. Kamera umaikhazika pa miyendo yake itatu, n'kusiya diso lake chitsegukire kwa kanthawi kuti limwe kuwala pang'onopang'ono. Chokhazikika chimatuluka bwinobwino, koma choyendayenda chimangooneka ngati utsi.

"Amayi, taimani pang'ono pokha."

"Ndaima, Ahou. Jambula."

"Mukukupiza."

"Nanga makala azime chifukwa cha iwe?"

Mlatho unatuluka wokongola mochititsa kaso. Pamalo pa amayi panali chimtambo chofiirira cha manja anayi. Zadi, woyendetsa boti lowolotsa anthu amene amadya pamenepo madzulo alionse, anasuzumira pakagalasi ka kamera n'kuyamba kufa nacho chikhakhali.

"Mayi Amlan, mwana wanu wakudulani mutu. Ndiye ukatswiri tikuumva uja umenewu?"

"Iwe Zadi, tadya nsombayo, munga ukutseke pakamwa," anatero amayi osadzutsa ndi mutu womwe.

Ndinayesanso, ndi kuyesanso. Pena atembenuza nsomba, pena athamangitsa mphaka, pena akumbukira kuti tsabola watha. Mtima unandiwawa, misozi ili pafupi. Pawaya panatsala nsomba imodzi, ndipo ndinkadziwa kuti ikangopsa azimitsa moto, nkhani yatha.

Kenako ndinaona kuti babu lomwe limalendewera pamtengo kumbuyo kwawo likundiwonongera kuwala kwa mlatho. Ndinakodola Zadi kuti akalizimitse. Mdima utangogwa, amayi anatembenuka mwaukali, chokupizira chili m'mwamba, kuti amusambwadze.

Koma maso awo anagwera kumadzi.

Mbaula yawo imayang'ana kumsewu, kochokera makasitomala, ndipo babulo ndi utsi zinkaphimba zonse za kumadzi. Tsopano mzinda wonse unali poyera. Mzati wa mlatho unaima mpaka kumwamba, zingwe zake zoyera zitatambasuka ngati ulusi pa makina a telala. Kuseri kwake nyumba zosanja za ku Plateau zinkayaka zenera lililonse, ndipo pansi, m'madzi akuda aja amene masana timawatsekera mphuno, munali mzinda wina wachiwiri wozondoka, ukunjenjemera. Ine amene ndimaujambula mzinda umenewu nthawi ndi nthawi, tsitsi linandiyima. Ndinachita mantha ndi kukongola kwake, kunena zoona.

Amayi anaima chilili, dzanja litatsika. Ndinadina batani n'kugwira mpweya. Zadi naye anasiya kutafuna. Boti lina linadutsa pansi pa mlatho, galimoto zinkathamanga pamwamba, koma amayi sanasunthe ndi chala chomwe mpaka kamera inati tcha.

Anatuluka onse, duwa lililonse la pansalu yawo likuoneka, mfundo ya duku, phewa lopendekeka lija. Magetsi a galimoto anasanduka mizere yofiira yodutsa pamwamba pa mutu wawo. Nkhope sinaoneke, poti anali atandifulatira. Ndikanatha kuwaitana kuti acheuke, koma sindinafune.

"Ahou," anandiitana motsitsa, maso ali komweko. "Zimayaka chonchi masiku onse?"

"Masiku onse, amayi."

"Ine ndili pompano?"

Zadi anawabweretsera mpando, chinthu chimene sindinawaonepo atakhalapo pamalo amenewo, ndipo anakhala osatsutsa. Fungo la nsomba yopserera linatizungulira.

"Basi ya ku Toumodi ija," anatero pomaliza, "kodi mkuja kulibe ina?"