Dzanja la Pamsana

Kwa zaka makumi anayi, dzanja lamanja la Wiel linali ndi malo ake: pamsana pa mkazi wake Riet, pamwamba pang'ono pa chiuno. Mphepo ikawomba kuchokera kutsogolo, kapena msewu ukayamba kukwera mlatho, Wiel ankayandikiza njinga yake, kuika dzanja pamenepo, n'kumamukankha akupalasa limodzi. Amuna ambiri a kwawo ku Limburg amatero, koma Wiel ankayenda ngati anayambitsa ndi iyeyo.

Ndiye chaka chino Riet anagula njinga yamagetsi, osafunsa munthu.

Pofika tsiku lachitatu la ulendo wawo wa panjinga wotsata mtsinje wa Maas, Wiel anali atatopa n'kuona misana ya anthu. Riet ankakhala patsogolo, pambali pake pali Sjef, mnzawo woyandikana nawo nyumba, amene mkazi wake anamwalira chaka chatha. Nayenso Sjef anali ndi yamagetsi. Awiriwo ankakambirana za mabatire ngati akukamba za zidzukulu zawo, kuseka, kulozerana atsekwe, Wiel akubwera m'mbuyo ali wefuwefu. Nsanje inkamudya, ndipo sankadziwa woti amukwiyire, kaya Sjef kaya batire. Chimene ankadziwa n'chakuti dzanja lake linalibenso ntchito.

Madzulo m'tauni ya Thorn, anzake akukhala patebulo kunyumba ya alendo, Wiel anati waiwala magalasi m'chikwama cha panjinga. Analowa m'shedi yosungiramo njinga, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuzula chingwe chimene chinkatchaja batire la Riet. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, agogo ake a ana asanu!

M'mawa Riet anayang'ana kagalasi ka pahandulo kosonyeza mphamvu ya batire nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mwamuna wake n'kukwera njinga.

Malire anawadutsa osatsika, chikwangwani chokha n'chimene chinawauza kuti alowa mu Belgium. Ku Maaseik anaima kumwa khofi ndi kudya vlaai, keke ya kumeneko ya zipatso za matcheri.

"Gula yako nawenso, nkhalamba iwe," anatero Sjef akupukuta pakamwa. "Mmene ukupumiramu tikuika m'manda a kuno ku Belgium."

"Miyendo yanga sifuna soketi," anayankha Wiel. "Iwe magetsi akazima udzayenda chokwawa."

Batire la Riet linathera m'mbali mwa ngalande, atangodutsa mudzi wa Rekem, mphepo ikuwomba pamaso penipeni. Riet anaponda pansi.

"Basi, latha."

"Usadandaule, Riet," anatero Sjef, dzanja atalitambasula kale. "Langa lidakali lodzaza, ndikukankha ine."

Wiel anamva mtima kuti thi! Apa ndiye anali atadzipalira yekha makala a moto. Zimenezi sanaziganizireko m'shedi muja.

"Ayi, Sjef, msanawu uli ndi mwini wake," anatero Riet. "Bwera, Wiel. Si zimene umafuna?"

Dzanja linabwerera kwawo. Wiel anasangalala ngati mwana, mpaka kuimba mluzu kuti Sjef amve. Koma njinga yamagetsi ikakhala yopanda magetsi ndi chitsulo chabe, kuwonjezera apo zikwama ziwiri zodzaza. Mluzu unatha msanga. Phewa linayamba kulasa, thukuta kamukamu, ndipo kutsogolo kunaoneka chikweza cha mlatho woolokera ngalande.

Pakati pa chikwezacho miyendo ya Wiel inakana. Njinga zonse ziwiri zinayamba kupepesuka, madzi ali pansipo, ngalawa yamchenga ikudutsa. Wiel anakukuta mano. Kulola kutsika, Sjef akuona? Kuli bwino kufa.

Pamenepo anamva dzanja pamsana pake, lalikulu, lotentha.

"Usacheuke, mnyamata," anatero Sjef. "Ingopalasa."

Anakwera atatu motsatana, Sjef akukankha Wiel, Wiel akukankha Riet. Pamwamba pa mlatho Wiel anatsika n'kutsamira chitsulo cha m'mbali, nkhope ili psuu ndi manyazi. Sjef anapita patali pang'ono, ati akukajambula ngalawa.

"Ndinakuona ndili pawindo dzulo," anatero Riet chapansipansi. "Magalasi ako anali pamphumi."

Wiel anangoti zyoli.

"Ukuganiza njingayi ndinagulira Sjef? Zaka ziwiri tsopano ukulephera kuvala jekete wekha chifukwa cha phewa limenelo. Ukamandikankha dzanja lako limanjenjemera, Wiel. Ine ndimalimva. Ndikanakuuza ukanavomera?"

Wiel anayang'ana dzanja lakelo. Linali likunjenjemerabe.

"Nanga tsopano titani?" anafunsa.

"Soketi ili ku Maastricht kumene tikupitaku," anatero Riet akukweranso njinga. "Wayamba wekha, maliza."

Kunatsala makilomita khumi ndi zikweza ziwiri. Pa zikweza zonsezo Wiel anakankha mkazi wake monga ankafunira, ndipo dzanja la Sjef linali pamsana pa Wiel, pamwamba pang'ono pa chiuno.