Bedi la Mzime

Aphunzitsi anayala pepala la lendi pathebulo n'kuyamba kulemba mayina monga ankachitira mwezi uliwonse ukamatha. Atafika pa dzina lachinayi, cholembera chinaima.

"Pepani, dzanja linazolowera," anatero motsitsa mawu.

Telala anangoyang'ana pansi. Dzina lachinayilo linali la mng'ono wake, amene onse m'nyumbamo ankamutchula kuti Mzime. Panali patatha milungu itatu chimuikireni m'manda.

Nyumbayo inali ya zipinda zitatu. Aphunzitsi, amene anali wamkulu pa onse, anali ndi chawo. Namwino anali ndi kakang'ono ka pafupi ndi bafa. Chachikulu, cha mawindo awiri, ankagonamo Telala ndi Mzime pamodzi ndi makina osokera. Kwa zaka zinayi lendi ankagawana powerenga mitu: anthu anayi, magawo anayi. Tsopano mitu inatsala itatu, koma eni nyumba ankafuna ndalama yawo yonse Lolemba.

"Ine ndimati tigawane patatu, aliyense awonjezereko pang'ono," anatero Aphunzitsi.

Namwino anavula nsapato zake zoyera n'kuyamba kusisita mapazi. Anali atangoweruka kumene.

"Mayi, ndilankhule ngakhale mundida," anatero. "Kachipinda kanga mumakadziwa. Ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri. Ndikayetsemula, chitseko chimatseguka chokha. Ndiye ndilipire chimodzimodzi ndi munthu wa mawindo awiri?"

"Si nthawi yoyeza makoma ino, mwanawe."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ana anga awiri ali kwa agogo awo, ndipo sukulu sifunsa ngati kunyumba kuno kunagwa zovuta. Ndikawonjezera kuno, mmodzi akhala pakhomo. Tigawe potengera zipinda. Chachikulu chizilipira magawo awiri ngati kale."

Miyezi iwiri ya matenda a Mzime makina a Telala sanalire, ndipo makasitomala ambiri anatenga nsalu zawo kupita nazo kwina. Gawo lake limodzilo analipeza movutikira posoka mayunifomu a ana a sukulu ya mkaka. Lachiwiri akanalitenga kuti?

"Magawo awiri sindingathe, asisi," anatero.

"Ndiye tipeze munthu wachinayi. Kuntchito kwathu kwabwera mtsikana wina wogawa mankhwala, akusaka pokhala. Ndi waulemu, samwa, sabweretsa alendo."

"Azigona pati?" anafunsa Aphunzitsi.

"Bedi lilipo."

Panja wina ankatunga madzi pampopi, chidebe chikulira mpaka kudzaza.

Bedi linalipodi. Telala anali asanachotsepo chilichonse. Bulangete linali lomwe lija, pilo anali adakali ndi dzenje la mutu wa Mzime, ndipo masilipasi ake anali pansi, limodzi litapenama monga anawavulira tsiku lomaliza. M'mawa uliwonse Telala akamasesa ankawalambalala.

"Ndamva," anatero akuimirira. "Palibe walakwa. Ndikuyankhani mawa."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko pang'onopang'ono kuti asaoneke ngati wakwiya. Anagwada pakati pa mabedi awiriwo, koma mawu a pemphero anamuthawa. Pomaliza anangoti, "Ambuye, musalole kuti ndidane ndi munthu chifukwa wanena zoona."

Kumuda Namwino kunali kovuta. Ndi iye amene ankati akaweruka, asanamwe ngakhale madzi, ankalowa kudzamutembenuza Mzime kuti asachite zilonda. Ndi iye amene ankamusambitsa, akumuseka kuti watha ngati sopo wa m'bafa la anthu ambiri, mpaka wodwalayo kuseka ndi misozi. Ndipo chichitikireni maliro, tsiku lililonse Telala ankapeza fulasiki ya madzi otentha pakhomo pa chipinda chake. Palibe anafunsa, palibe ananena.

Komabe mlendo pabedi limenelo ayi. Munthu wosamudziwa Mzime, wofika ndi mafuta ake onunkhira, wofunsa kuti, "Kodi pano pankagona ndani?" Kuli bwino atuluke yekha, chipinda chonse achipatse ena iye asakuona. Anasolola chikwama chachikulu pansi pa bedi lake n'kuyamba kulongedza.

Atapinda madiresi atatu anamva kugogoda. Namwino analowa wopanda nsapato, anayang'ana chikwamacho, kenako Telala.

"Ulendo wa kuti, achemwali?"

"Kwa azakhali. Mupeze anthu awiri alowe muno, lendi ikwana."

"Kwa azakhali mukasokera ndani? Nkhuku?"

Telala anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka chinali kulira. Anakhala pabedi lake atagwira diresi kumaso. Namwino anaima pomwepo mpaka mapewa a mnzakeyo atasiya kugwedezeka.

"Ndinalankhula ngati ndikuitana odwala pamzere," anatero kenako. "Mundikhululukire. Koma ndaganiza china. Mtsikana uja alowe m'kachipinda kanga. Ndi wochepa thupi, akwanamo. Ine ndibwere muno."

Telala anatsitsa diresi lija. "Inu? Mumagona masana mukagwira ya usiku. Makinawa akusokosani."

"Kuchipatala ndimawodzera pabenchi anthu akubuula mbali zonse. Makina anu akhala ngati nyimbo."

"Nanga chitseko chanu chanuchanu? Paja munkati simungagonenso chipinda chimodzi ndi munthu."

"Ndinkatero," anavomera Namwino. Anayang'ana bedi la Mzime kwa kanthawi. "Bedi ili ndimalidziwa, achemwali. Ndagwadapo pambali pake kangati? Sindidzafunsa kuti pankagona ndani. Koma mukakana, sindikakamiza."

Kubalaza Aphunzitsi ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, akutsuka makapu amene sanali awo. Dzuwa linali litapendeka, likuwala pa makina osokera.

Telala anaimirira n'kupita kumutu kwa bedi lija. Ananyamula pilo ndi manja awiri, mosamala kuti dzenje lija lisafafanizike, n'kumuika pabedi lake.

"Uyu yekha musatenge."

"Ndili ndi wanga."

Kenako anagwira ngodya ziwiri za bulangete, Namwino anagwira zinazo. Analikutumula kamodzi, kafumbi n'kuuluka pa kuwala kwa windo. Anayandikirana kuti alipinde, anatalikirana, n'kuyandikirananso, mpaka linasanduka kamtolo kakang'ono m'manja mwa Telala. Matiresi anatsala poyera, atazilala pakati.

Telala anawerama n'kutola masilipasi aja. Anawapukuta ndi m'mphepete mwa siketi yake n'kuwaika m'chikwama, pamalo pa madiresi amene anayamba kutulutsamo.

"Muzitembenukira kuno pogona," anatero asakumuyang'ana Namwino. "Windo la kukhomalo limalowetsa mphepo m'bandakucha. Mawa ndikusokerani katani yokhuthala."